Khoma Lachikasu

Anzake a kuntchito ankamutcha Diso, ndipo dzinalo sanachite kulitola panjira. Munthuyu anali wopenta nyumba, wa mtundu uja woti ukamuonetsa kachibenthu ka khoma lakale n'kumuuza kuti ukufuna chonchi, amangoyang'ana kamodzi n'kuyamba kusakaniza m'chitini, uku akuimba mluzu. Akapaka, sungaloze pomwe pathera penti wakale ndi pomwe payambira watsopano. Luso analidi nalo, zimenezo tisakane. Vuto linali loti mwini wakeyo ankadziwanso kuti ali nalo, ndipo munthu akafika pamenepo, kumuuza kanthu n'kungotaya malovu.

Ankakhala ndi mkazi wake m'chipinda chimodzi cha lendi, pamwamba pa nyumba yosanja, kuseri kwa galaja yokonzera magalimoto. Windo linali limodzi, nalonso linayang'anizana ndi khoma la nyumba ina, pafupi kwambiri moti dzuwa linkalowa mongosuzumira. M'tauni monsemo wachibale anali mmodzi yekha, mlamu wake wa Diso, mkulu wake wa mkaziyo, telala wokhala kutsidya lina la tauni. Kupatula iyeyo, anthu awiriwa analibe wogogoda pakhomo pawo.

Mkazi atatopa, mimba itafika poti nsapato ankachita kumuveka, Diso anamaliza ntchito pasukulu ina ya ana aang'ono, ndipo mwini sukuluyo anamupatsa penti wotsala. Anali wachikasu chowala, ngati pakati pa dzira lophika. Diso anatumiza mkazi wake kwa mlamu kuti fungo lisamupweteke, n'kupenta chipinda chonse, makoma onse anayi mpaka kudenga. Fungo litatha anakamutenga, n'kumutsegulira chitseko monyadira.

"Dzuwa likukana kulowa muno, ndiye ine ndalipenta," anatero. "Mwana wathu asadzakulire mumdima ngati mleme."

Mkazi anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Diso anagwada, n'kuyandikitsa pakamwa pamimbapo, n'kuimba kamluzu kake kaja ka pamakwerero. Wam'katiyo anaponda. Chinali chizolowezi chawo chimenecho: bambo akaimba, wam'kati ankayankha ndi chidendene.

Kunabadwa kamtsikana. Popeza mayi ndi mwana anali bwino, kuchipatala sanawasunge. Potuluka, namwino anauza mayiyo zinthu zingapo: aziyamwitsa pafupipafupi, azisamala mchombo, ndipo masiku oyambirirawa aziyang'ana maso ndi khungu la mwana pa kuwala kwa dzuwa, akaona chikasu abwerere msanga. Diso sanazimve zimenezi chifukwa anali panja akusaka takisi. Kunyumba, kamwanako anakapatsa dzina losereula loti Abwana, poti kankati kakangotsokomola, anthu akuluakulu awiri ankadzambatuka.

Patapita masiku ochepa, m'mawa wina Diso akuvala ovolosi yake, mkazi wake anamuitana motsitsa mawu.

"Bambo ake, tabwerani mumuone mwanayu. Maso akewa sakundisangalatsa. Akuoneka achikasu."

Diso anawerama. Anaona ndithu. M'maso mwa Abwana, moyera muja, munali chikasu, ndipo pamphuno ndi pamphumi panalinso chimodzimodzi. Koma m'malo mochita mantha, munthuyo anamwetulira ngati mphunzitsi wofunsidwa funso lomwe amalikonda.

"Ndi khomali, mayi. Mtundu umadumpha. Taonani."

Anatenga kapu yoyera pathebulo, n'kuiyandikitsa kukhoma. Mbali imodzi ya kapuyo inasanduka yachikasu. Anatambasula chikhatho chake pafupi ndi khomalo, nachonso chinasintha. Analoza thewera lopachikidwa pampando, analoza pilo.

"Chilichonse muno n'chachikasu. Ngakhale inuyo m'maso mwanu muli chikasu, kungoti simukudziona. Ntchito imeneyi ndinayamba ndilibe ndevu, mayi. Ndikanaona chachilendo, ndikanayamba ine kunena."

"Anamwino anati tizimuonera padzuwa."

"Pakhondepo? Ndi mphepo imeneyi, ndi utsi wa pagalajawo? Mukufuna Abwana adwale chifuwa?"

"Komanso akungogona. Bere akungoligwira pang'ono n'kulisiya."

"Ena akulira ndi ana osagona, inu mukudandaula mwana wogona. Timuthokoze Mulungu, watipatsa bwana wofatsa."

Mkaziyo anayang'ana kapu ija, n'kuyang'ananso mwana. Akanatsutsa bwanji? Pa nkhani ya kuphika kapena ya ndalama akanalimbana naye mpaka madzulo, koma pa nkhani ya mitundu ya zinthu, ndani m'tauni monsemo akanatsutsa Diso? Mawa lake anatchulanso, koma monyinyirika, ndipo mwamunayo anangomusisita paphewa n'kunyamula maburashi ake. Akuluakulu anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Uyu khomo anali nalo, linali pomwepo, ndipo kunja kwake kunali dzuwa laulere. Kutsegula kokha ndiye kunavuta.

Tsiku lotsatiralo Diso anaswera pamakwerero, akupenta kunja kwa sitolo ina, foni ili m'thumba la jekete pansi. Pobwerera madzulo anagula malalanje a mkazi wake, n'kukwera masitepe akuimba mluzu kuti Abwana adziwe kuti wantchito wawo wafika. Anapeza loko pachitseko. Mayi wa chipinda choyandikana nawo, wogulitsa nsapato zakale, anasuzumira pakhomo pake.

"Apita kuchipatala, achimwene. Anakuimbirani mpaka kutopa. Anatuluka kudzayanika matewera mwana ali m'manja, ndiye ndinangomva akundiitana. Ine ana ndabereka, koma chikasu chotere sindinachionepo. Mpaka kumapazi."

Diso anatulutsa foni, n'kuona mmene anamuimbira. Malalanje aja sakumbukira komwe anawasiya.

Kuchipatala anapeza mlamu wake ataima pakhomo la chipinda cha ana akhanda, manja atapinda pachifuwa. Moni anayankha, koma wa pamphuno. Mkazi wa Diso anali pabenchi, atavala diresi ya m'nyumba ndi masilipasi, m'maso mouma. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Ndinatuluka naye pakhonde," anatero osamuyang'ana. "Khoma linatsala m'nyumba, bambo ake, koma chikasu chinatuluka ndi mwana."

Diso anatembenukira kuchitseko cha chipinda cha ana chija.

Namwino wina wachikulire, wovala magalasi a chingwe, anamulola kuyang'anira pagalasi. M'katimo munali timabedi ta pulasitiki, ndipo pa kena panali Abwana, ali chibadwire kupatula kathewera, m'maso atamangidwa kansalu kakuda, kadiripu kali pamkono. Pamwamba pake panali nyale zazitali zowala buluu, pansi pake panalinso kuwala komweko. Mwana yense anali wabuluu. Diso, munthu wodziwa mitundu, sanathe kuona ngati chikasucho chinalipo kapena ayi.

"Ndinu bambo ake?" anafunsa namwinoyo. "Mverani. Ana ambiri amakhala ndi kachikasu masiku oyambirira, chifukwa chiwindi chimakhala chisanazolowere ntchito. Kambiri kamatha kokha, makamaka mwana akamayamwa bwino. Koma uyu magazi ake ndi a mayi ake ndi a magulu osagwirizana, ndiye chake chakwera msanga, ndipo chakwera kwambiri. Nyalezi zimachiphwanya pakhungu kuti chizituluka ndi mkodzo ndi chimbudzi. Tizimuyeza magazi pafupipafupi. Chikapanda kutsika, adokotala amusintha magazi."

"Nanga chikapanda... chimatani?"

"Chikachuluka chimafika ku ubongo. Ndipo nthawi zambiri chimayambira kuwononga makutu."

Makutu. Diso anagwira felemu ya galasi lija.

"Ine ndinachiona," anatero, mawu ali pansi. "Ndimaganiza kuti ndi penti wa m'nyumba."

Namwinoyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, koma sanamudzudzule. Anamukokera pawindo pomwe kuwala kwa madzulo kunali kusanathe, n'kugwira dzanja lake lothimbirira penti.

"Mwana amaonedwa panja, kapena pawindo lowala, osati m'nyumba ndi magetsi. Mumadina ndi chala chonchi, pamphumi kapena pachifuwa, n'kuchotsa. Pomwe mwadinapo pakaoneka chikasu, ndi chomwecho. Muyang'anenso m'maso ndi m'nkhama. Chimayambira kumutu n'kumatsika. Chikafika m'zikhatho ndi kumapazi, kapena mwana akamangogona osafuna bere, musadikire kuti kuche. Ndipo dzuwa n'loonera chabe, si mankhwala, musadzamuyanike mwana ngati chovala."

Pomwe anadinapo panayera pang'ono, kenako magazi n'kubwerera. Kanthu kophweka chonchi, ka chala chimodzi. Koma Diso tsiku lija anachita kutenga kapu.

Abambo sagona m'wodi ya amayi. Belu lotulutsa alendo litalira, mlamu analowera njira yake osatsanzika, ndipo Diso anabwerera yekha kuchipinda chake. Atatsegula, chikasu chija chinamulandira mbali zonse. Pabedi panali kashawelo ka Abwana, pathebulo kapu ija, pomwe anaisiya. Anakhala pampando ovolosi ili m'thupi. Pansi pagalaja wina ankamenya chitsulo, kwa oyandikana nawo wailesi inkalankhula, koma m'chipindamo munali zii. Anazindikira kuti analibe munthu woti amuimbire. Anzake a kuntchito akanawauza chiyani? Kuti Diso sanaone mwana wake? Anasungulumwa kwambiri, ndipo anachita manyazi, manyazi oti ngakhale khoma sankafuna kuliyang'ana.

Masiku otsatirawo moyo wake unali wa pabenchi. Ankafika nthawi yoonera odwala, atanyamula fulasiki ya tiyi, buledi ndi zovala zochapa, n'kudikira mkazi wake atuluke. Mkaziyo ankatuluka mochedwa, atatopa, chifukwa Abwana analibe mphamvu zoyamwa, ndiye ankafinyira mkaka m'kakapu n'kumamumwetsa pang'onopang'ono. Ankakhala moyandikana, koma nkhani inali ya zinthu basi. Sopo watha. Mubweretse thawulo lina. Ayezanso magazi, akuti chatsika pang'ono. Akuti chaima. Akuti mwina samusintha magazi. Amuna ena pabenchipo ankacheza za mpira, koma Diso ankangoyang'ana khoma la m'kholido, mwachizolowezi akuona pomwe wopenta wake anadumpha. Zimenezo ndiye maso ake ankaziona msanga.

Tsiku lina masana, mkazi wake akumwa tiyi, Diso analimba mtima.

"Mayi, ndinalakwa. Munandiuza, ine n'kukutsekani pakamwa. Mwanayu akapanda kumva, ndine."

Mkaziyo anazunguza kapu m'manja.

"Inenso miyendo ndinali nayo," anayankha. "Khonde linali pomwepo. Anamwino anauza ine, sanauze inu. Ndinakukhulupirirani kuposa maso anga." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Sindikudana nanu, bambo ake. Koma ndikakuonani ndikumakumbukira kapu ija. Mundipirire."

Anadzuka n'kulowa, chitseko cha wodi n'kudzitseka chokha pambuyo pake. Diso anatsala ndi fulasiki.

Madzulo omwewo anadzera ku sitolo ya zomangira n'kugula penti woyera. M'mawa mwake anakokera bedi pakati, n'kufunditsa katundu ndi mapepala, n'kuyamba. Ankapenta mwaukali, rola ikuchita kulira pakhoma. Koma chikasu ndi mtundu wamakani, wopenta aliyense amadziwa. Koti yoyamba itauma, chinasuzumira pansi pake ngati sichinamve kanthu. Anapaka yachiwiri, chikuonekabe m'makona. Anapakanso. Mayi wa nsapato uja, podutsa pakhomo ndi ndowa, anaima.

"Achimwene, mukupenta osaimba lero? Ndimaganiza kuti mulibe munthu muno."

Diso anangomwetulira. Kamluzu kaja kanali katauma chiyambire tsiku la loko lija. Akati ayese, milomo inkakana.

Atamaliza, chipindacho chinali mbee, moti ngakhale kadzuwa kosuzumira kaja kanaoneka ngati kakula. Anaima pakati, burashi ili m'manja, n'kupuma mozama. Ndi pamene fungo linamulowa bwino m'mphuno. Anakhala pachitini. Iye yemwe uja amene anasamutsa mkazi woyembekezera pothawa fungo la penti, lero wapenta chipinda chodzagonamo khanda lochokera m'chipatala. Nzeru za munthu wodziimba mlandu ndi zimenezo, amathamangira kukonza khoma.

Nyale zija zinagwira ntchito. Chikasu chinatsika, magazi sanamusinthe, ndipo Abwana anayambanso kuyamwa mwaukali ngati wobwezera. Powatulutsa mawa lake, adokotala ananena mosabisa: mwana wapulumuka, akuoneka bwino, koma chikasucho chinafika poipa. Za makutu sanganene lero. Anawapatsa tsiku lodzabweranso kuti adzamuyeze ndi makina, komanso kuti azimuona mmene akukulira.

Panja pa chipatala, Diso anaulula za penti watsopano. Mlamu wake anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Koma alamu, inu ndi penti mudzasiyana liti? Tiyeni kwanga. Akakhala kumeneko mpaka fungolo lithe."

Mkazi wake sanatsutse, ndipo Diso anaona kuti mwina anapumako mumtima. Anawaperekeza pa takisi mpaka kutsidya. Asanalowe m'nyumba ya mlamuyo, anapempha kunyamula mwana. Anaima naye padzuwa, n'kudina kamphumi ndi chala chake chokhakhala, n'kuchotsa. Panayera bwino. Anayang'ana m'maso, anatambasula tizikhatho. Anafuna kumuimbira, koma anaopa. Akaimba, mwana osagwedezeka, pamaso pa anthu awiriwa, akanatani? Anamubweza kwa mayi ake, n'kukwera minibasi yobwerera.

Mawa lake sanapite kuntchito. Anatsegula windo ndi chitseko kuti mphepo idutse, n'kubwezera bedi m'malo mwake. Kashawelo kaja anakapinda, n'kukapindulanso. Masana ali chikhalire, foni inalira. Anali mkazi wake.

"Bambo ake, muli pati?"

"Kunyumba. Kwagwanji?"

"Palibe. Akulu apita kumsika, ndatsala ndekha ndi mwana. Ndayesa kuwomba m'manja, ndayesa kugwetsa supuni, koma sindikudziwa ngati akumva kapena akungoona ine. Mtima sukukhazikika." Anapuma. "Tamuimbirani kamluzu kanu kaja. Ndiika foni pafupi ndi khutu lake. Akusinza."

Diso anaimirira. Milomo inali youma, ananyambita kangapo. Koyamba kunangotuluka mpweya. Kachiwiri kanatuluka, konjenjemera, kamluzu ka pamakwerero kaja, n'kudzaza chipinda chopanda munthu. Anaimba mpaka kumapeto, n'kukanikiza foni kukhutu.

Kunali chete. Kenako kunamveka kakulira, kaukali, ka munthu wodzutsidwa tulo tokoma.

"Wadzidzimuka," anatero mkaziyo, mawu akuthyoka. "Watambasula manja, watsegula maso. Mwawakwiyitsa Abwana."

Diso anatsamira khoma, osasamala kuti penti anali asanaumitsitse. Kulira kwa mwana sikunamukomerepo chonchi. Anamvetsera mkazi wake akumutonthoza, akumupatsa bere, mpaka kulirako kunasanduka timawu ta kumeza.

"Khutu limenelo linali lakumanzere," anatero mkaziyo patapita nthawi. "Dikirani asinzenso, ndimutembenuze."

Anadikira limodzi, osalankhula, aliyense akumva kupuma kwa mnzake. Chilowere mwana m'chipatala, aka kanali koyamba kuti akhale chete popanda wina kufuna kudzuka.

"Eya. Imbani."

Anaimba. Anakamaliza konse, n'kumvetsera. Pansi pagalaja wina ankaliza injini, mphepo inkagwedeza pepala pawindo. Mufoni munalibe kanthu.

"Mayi?"

"Sanagwedezeke." Mkaziyo anatsitsa mawu. "Mwina wakhuta, wagona kwambiri. Makina aja ndi amene adzanene, si ife. Imbaninso, bambo ake."

Diso anapukuta misozi ndi mkono wa ovolosi, n'kudzipaka penti woyera patsaya. Anayang'ana makoma ake anayi oyera mbee, osalala bwino, opanda pomwe wopenta anadumpha. Ananyambitanso milomo.

"Musadule foni," anatero.

"Sindidula."

Anayambiranso kamluzu kaja pachiyambi.